Mayankho a khomo ndi khomo: zimene deta ya IHS inatithandiza kuona, ndi pamene inatilekezera

Mu 2012 ofesi ya boma yoona za ziwerengero, National Statistical Office (NSO) ya ku Zomba, inatulutsa zotsatira za kafukufuku wachitatu wa moyo wa m'makomo, amene ife a ntchito imeneyi timangomutchula kuti IHS3. Chimene chinagwedeza anthu chinali chiwerengero cha umphawi. Mu 2004/05 Amalawi 52.4 pa 100 alionse ankawerengedwa kuti ndi osauka, ndipo mu 2010/11 anali 50.7. Kumudzi umphawi unachita kukwerako pang'ono, kuchoka pa 55.9 kufika pa 56.6. Komatu zimenezi ndi zaka zomwe boma la Bingu wa Mutharika linkagawa makuponi a feteleza ndi mbewu zotsika mtengo, kuyambira nyengo ya 2005/06. Malipoti a zokolola ankati chimanga chachuluka, ndipo chuma cha dziko chinkakula ndi pafupifupi 7 peresenti pachaka. Nanga ngati alimi anakololadi chonchi, umphawi wa kumudzi unakaniranji kutsika?

Ntchito yanga ndi yosanthula ziwerengero pothandiza makhonsolo ndi mabungwe, komanso kuphunzitsa achinyamata kugwiritsa ntchito deta ya kafukufuku. Ndalemba lipotili pa zinthu ziwiri: mmene funso la umphawi lija linayankhidwira chifukwa mayankho a makomo anali otsegukira ofufuza, ndi ntchito ina imene ndinagwira ndi khonsolo ya boma lina, pamene deta yomweyo inatifikitsa pakhomo lotseka.

Zimene zili m'mafayilo

Lipoti losindikizidwa la IHS limapereka matebulo amene a NSO asankha kupanga. Pansi pa matebulowo pali mayankho enieni, mzere umodzi khomo limodzi, kapena munthu mmodzi, kapena munda umodzi, maina atachotsedwa. IHS2 ya 2004/05 inafika makomo 11,280. IHS3 inafika 12,271, IHS4 ya 2016/17 makomo 12,447, ndipo IHS5 ya 2019/20 makomo 11,434. Kuyambira IHS3, kafukufukuyu amachitika mothandizana ndi gulu la World Bank la LSMS-ISA, ndipo mafayilo ake amapezeka kwaulere pa Microdata Library ya bankiyo. Munthu amalembetsa dzina, nkufotokoza chimene akufuna kufufuza, nkulonjeza kuti sadzayesa kuzindikira amene anayankha, sadzagawira ena mafayilowo, ndipo adzatchula kumene deta yachokera. Akatero amakopera mafayilo pamodzi ndi mapepala a mafunso ndi buku lofotokoza mmene makomo anasankhidwira.

Mafunso ake ndi ambiri kwabasi. Pali a khomo, a ulimi, a usodzi ndi a dera lonse. Gawo limene umphawi umachokera kwambiri ndi la chakudya: wofunsa amatchula zakudya chimodzichimodzi, ufa woyera, mgaiwa, nyemba, usipa, mafuta ophikira, shuga, nkufunsa kuti khomo linadya zochuluka bwanji m'masiku 7 apitawa, zogula zinali zingati, za m'munda mwawo zingati, zopatsidwa zingati. Zonsezi amazisandutsa ndalama, nkuphatikiza ndi zina zogwiritsa ntchito pakhomo, nkuyerekeza ndi mlingo wa umphawi. Mlingowo unali K16,165 pa munthu pachaka mu 2004/05 ndi K37,002 mu 2010/11, ndipo gawo lake la chakudya linakhazikitsidwa pa makalori 2,400 patsiku.

Kuwerenganso umphawi

Akatswiri atatu a zachuma, Karl Pauw, Ulrik Beck ndi Richard Mussa wa ku Chancellor College, anatenga mafayilo a IHS2 ndi IHS3 nkuyambanso masamu onse kuchokera pansi. Sanapite kumudzi kukafunsa anthu ena. Mayankho anali omwe aja, a makomo omwe aja. Chimene anasintha ndi njira.

Malo amodzi amene anagwirapo ndi a miyezo, ndipo apa ndichedwepo chifukwa ndi pamene anthu ambiri sadziwa kuti chiwerengero cha dziko chimatsamira. Mayi wa kumudzi sanena kuti tadya makilogalamu atatu a ufa. Amati mbale zingapo, ndowa imodzi, mulu wa tomato, phava la nthochi, dengu, beseni. Pepala la mafunso limalola miyezo imeneyi, mpaka mbale ya nambala 10 ndi ya nambala 12, ndowa yaing'ono ndi yaikulu, ngakhale ngolo. Kenako wina mu ofesi amayenera kunena kuti ndowa yaing'ono ya chimanga ndi makilogalamu angati, mulu wa chinangwa ndi angati, ndipo mulu wa pamsika wa ku Karonga sufanana ndi wa ku Nsanje. Tebulo losinthira miyezoli likapotoka pa chakudya chimene anthu amadya tsiku lililonse, makalori amapotoka, mtengo wa kilogalamu umapotoka, ndipo mlingo wa umphawi umapotokera limodzi. Akatswiriwa anagwiritsa ntchito tebulo lokonzedwanso. Anawerengeranso mitengo kuchokera mu kafukufuku yemweyo, nkupanga milingo ya umphawi yosiyana potengera madera, yolola kuti zakudya zimene osauka amadalira zimasintha mitengo ikasintha.

Anapeza kuti umphawi m'dziko lonse unatsika ndi mapointi pafupifupi 8 pakati pa 2004/05 ndi 2010/11, osati 1.7, ndipo kumudzi nako unatsika. Ntchito yawo inatuluka kudzera ku UNU-WIDER, bungwe la United Nations lofufuza za chuma cha chitukuko, ndipo inalowa m'buku la 2016 lonena za kukula kwa chuma ndi umphawi m'maiko a kum'mwera kwa Sahara.

Ena akamva zimenezi amathamangira kunena kuti ndiye a boma ananama. Ayi. Mbali zonse ziwiri zinasankha njira zimene zili ndi zifukwa zake, ndipo chiwerengero chovomerezeka cha boma chinakhalabe 50.7. Kwa ine phindu lili poti mkangano unachoka pa kukhulupirira kapena kukayikira ofesi, nkufika pa mafunso oti munthu angawayankhe: mitengo inakwera ndi zingati kwa osauka, ndowa imalemera bwanji, mlingo ukhale umodzi dziko lonse kapena ayi. Mafayilo akanakhala otsekeredwa m'kabati, nduna ikananena zake, otsutsa akananena zawo, ndipo palibe akanatha kuloza pamene kusiyanako kwachokera. Onaninso kuti mmodzi mwa atatuwo anali Mmalawi wogwira ntchito mu Zomba momwemo.

Si nkhani yokhayi. Jacob Ricker-Gilbert, Thomas Jayne ndi Ephraim Chirwa, pogwiritsa ntchito makomo a IHS2 amene anafunsidwanso pambuyo pake, anasonyeza mu 2011 kuti kilogalamu iliyonse ya feteleza wa makuponi inkachepetsa feteleza wogula pamtengo wa pamsika ndi makilogalamu 0.22, ndipo kuchepako kunali kwakukulu pakati pa alimi opezako bwino. Imeneyi ndi mfundo yogwirika pokambirana za amene ayenera kulandira, kaya mu FISP, ndondomeko ya makuponi ija, kaya mu AIP imene inalowa m'malo mwake mu 2020. Talip Kilic ndi anzake anapeza mu IHS3 kuti minda yoyang'aniridwa ndi amayi imakolola mochepera ndi pafupifupi 25 peresenti poyerekeza ndi ya abambo. Ndipo chifukwa ofunsa ankayeza minda ndi GPS kuwonjezera pa kufunsa mwini, zinaoneka kuti eni timinda ting'onoting'ono amakonda kukuza kukula kwa munda pouyerekeza, pamene eni minda ikuluikulu amachepetsa. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinali m'matebulo a lipoti loyamba.

Pempho la khonsolo

Khonsolo imene ndinagwira nayo ntchito inkakonza dongosolo lake la chitukuko. Mkulu woona za mapulani anandiuza mosapita m'mbali: "Achimwene, chiwerengero cha boma lathu lonse tikuchidziwa. Makhansala akufunsa za madera awo. Tiuzeni T/A imene makomo oyendetsedwa ndi amayi ali ndi malo ochepa, alibe chakudya chofika mwezi wa Febuluwale, komanso ali kutali ndi msika. Alangizi tili nawo ochepa, tiyenera kusankha koyambira."

Funso labwino, ndipo zonse zimene anatchula zimafunsidwa mu IHS5. Ndinalumikiza fayilo ya anthu a pakhomo ndi ya minda, ya chakudya ndi ya mitunda, pogwiritsa ntchito nambala ya khomo imene imapezeka m'mafayilo onse. Pa mlingo wa boma lonse zinayenda. Tinatha kuyerekeza makomo a amayi ndi a abambo, ndi kuyerekeza bomali ndi maboma oyandikana nalo, bola kukumbukira kugwiritsa ntchito nambala imene imasonyeza kuti khomo lililonse lofunsidwa likuimira makomo angati. Ophunzira ambiri amaiwala nambala imeneyi, ndipo zotsatira zawo zimakondera madera amene anafunsidwa mopitirira kukula kwawo.

Titatsikira pa T/A, deta inatithera. IHS inakonzedwa kuti izilankhula za dziko, zigawo, maboma ndi mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. M'kadera kalikonse kosankhidwa amafunsa makomo 16, ndipo m'maboma ambiri makomo onse ofunsidwa sapitirira 400. Mukawagawa m'ma T/A, ina imapeza makomo 16, ina 32, ina osapeza ndi limodzi lomwe. Mukachotsanso a abambo kuti mutsale ndi a amayi okha, mwatsala ndi makomo owerengeka pa zala. Kompyuta sikana, imatulutsa peresenti ndithu, koma peresenti yoteroyo ikanapita kumsonkhano wa khonsolo nkukachotsera dera lina mlangizi popanda chifukwa. Ndinakana kuipereka, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake polemba.

Njira yodziwika yothetsera vutoli ilipo. Kalembera wa anthu ndi nyumba amafika khomo lililonse. Wa 2018 anawerenga anthu 17,563,749. Safunsa zimene khomo linadya, koma amafunsa za denga, pansi pa nyumba, madzi akumwa, chimbudzi, katundu, maphunziro ndi mutu wa banja, zimenenso IHS imafunsa. Ndiye mu IHS mumaphunzira mmene zinthu zimenezi zimayendera limodzi ndi umphawi, nkutengera ubale umenewo pa makomo onse a mu kalembera, ndipo mumapeza chiyerekezo cha T/A iliyonse pamodzi ndi kukula kwa chikayiko chake. Kuno kwathu si zachilendo: buku la mapu a moyo wa anthu limene NSO ndi IFPRI, bungwe lakunja lofufuza za chakudya ndi ulimi, anatulutsa mu 2002, lolembedwa ndi Todd Benson, linachita zimenezi ndi kalembera wa 1998 ndi IHS yoyamba. Koma ntchito imeneyi imafuna mayankho a kalembera a khomo ndi khomo okhala ndi chizindikiro cha kadera kake, ndipo mafayilo otere sangaikidwe poyera kuti aliyense akopere. IPUMS ya ku University of Minnesota imasunga zitsanzo za makalembera athu, monga a 1987, 1998 ndi 2008, koma ndi khomo limodzi pa makomo 10 alionse, ndipo timadera ting'onoting'ono timabisidwa.

Pa za mtunda wa kumsika panalinso malire ena. Malo a GPS amene ali m'mafayilo a poyera ndi a kadera, osati a khomo, ndipo amasunthidwa dala: mpaka makilomita 2 m'tauni, mpaka 5 kumudzi, ndipo timadera tochepa ta kumudzi mpaka 10. A DHS, kafukufuku wa zaumoyo wochitika m'maiko ambiri, amachitanso chimodzimodzi. Mitunda ina yowerengedweratu imabwera limodzi ndi mafayilo, monga wa kumsewu waukulu ndi wa kumsika wa ADMARC, ndipo imathandiza. Koma khonsolo inkafuna mtunda wa kumisika yake ya sabata ndi kusikimu ya mthirira imene inamangidwa posachedwa. Ndi kusuntha kwa makilomita 5, mudzi wa tsidya lino la mtsinje umatha kuoneka ngati uli tsidya lina.

Chifukwa chake chitseko chilipo

Sindikufuna kuti wowerenga aganize kuti kubisaku ndi nkhanza za a mu ofesi. Aliyense amene anakhalapo pamphasa ndi wofunsa mafunso amadziwa zimene anthu amaulula: ngongole, matenda, ndalama zimene mwana amatumiza kuchokera ku Johannesburg, mbuzi zimene anagulitsa mwamuna asakudziwa. Mu MDHS, DHS ya ku Malawi, imene yachitika kuyambira 1992, amayi amafunsidwa za nkhanza za m'banja ndi za kulera, ndipo mu 2004, 2010 ndi 2015/16 anthu anapereka magazi oyezera HIV. Amayankha chifukwa auzidwa kuti zikhala zachinsinsi.

Kuchotsa dzina sikokwanira. M'mudzi wa makomo 200, mayi wamasiye wa zaka 52 amene ali ndi chigayo ndi ana asanu amakhala mmodzi yekha basi, ndipo aliyense wa m'deralo angamuloze. M'dziko limene anthu achialubino akhala akusakidwa, ndipo okalamba amanamiziridwa ufiti, kuzindikirika kwa khomo si nkhani yamasewera. Lamulo la National Statistics Act la 2013 limateteza chinsinsi cha oyankha, mogwirizana ndi mfundo za United Nations za ziwerengero za boma za 1994, zimene mfundo yake yachisanu ndi chimodzi imati mayankho a munthu agwiritsidwe ntchito pa ziwerengero zokha. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani, limene linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, silichotsa chitetezo chimenechi, ndipo mu 2024 panabweranso lamulo loteteza deta ya anthu. Tsiku limene anthu adzamve kuti mayankho a kafukufuku afika kwa okhometsa msonkho kapena kwa andale, adzayamba kunama kapena kutseka zitseko, ndipo IHS yotsatira idzakhala yopanda ntchito kwa tonsefe.

Choncho funso langa si lakuti chitseko chichotsedwe. Ndi lakuti pakati pa fayilo ya aliyense ndi fayilo yosaonedwa ndi wina aliyense pakhale njira yachitatu yodziwika bwino, yolembedwa, yoti wofufuza wa ku Mzuzu University, LUANAR kapena khonsolo aidziwe popanda kudalira kuti amadziwana ndi ndani.

Kwina anaipeza njirayi. Ku Britain ofesi ya ziwerengero inayambitsa ndondomeko imene imafunsa mafunso asanu: munthuyo ndi wodalirika ndi wophunzitsidwa, ntchitoyo ndi yothandiza anthu, malo ogwirirapo ndi otetezeka, deta yachotsedwa zozindikiritsa zosafunika, ndipo zotuluka zaunikidwa. Ku University of Cape Town, a DataFirst ali ndi chipinda chotetezedwa chimene wofufuza wovomerezeka amagwiriramo ntchito pa deta yosaloledwa kutuluka. Amalowa wopanda foni ndi fulashi, kompyuta yake ilibe intaneti, ndipo matebulo amene wapanga amayamba aonedwa ndi wogwira ntchito pamalopo asanatuluke, kuti pasakhale kabokosi konena za makomo awiri kapena atatu okha. Pa funso la khonsolo lija, chipinda chotere chikanakwanira. Sindinkafuna kutenga kalembera kupita naye kunyumba. Ndinkafuna kuyendetsa masamu pa mafayilowo nkutuluka ndi tebulo limodzi la ma T/A.

Amene amafikadi pa deta

Pali chinthu china chimene chimandivutitsa maganizo kuposa chitseko. Ngakhale mafayilo otseguka aja, ambiri mwa amene amawagwiritsa ntchito ali kunja. Kukopera nkwaulere, koma wophunzira wa kuno amayenera kugula bandulo, kukhala ndi laputopu yolimba, kupirira kuzima kwa magetsi, ndi kuwerenga mabuku ofotokozera a Chingerezi chaukatswiri. Pulogalamu ya Stata, imene ambiri amaphunzitsidwa, ndi yogula ndi ndalama zakunja. Pulogalamu ina yotchedwa R ndi yaulere koma ophunzitsa ake ndi ochepa. Zotsatira zake, mayankho a agogo a ku Ntchisi amasanduka digiri ku Michigan kapena ku Copenhagen, pamene mkulu wa mapulani wa ku Ntchisi komweko sanatsegulepo fayiloyo. Sindidana ndi ofufuza akunja, ambiri agwira ntchito yabwino ndipo ndawatchula kale. Koma funso limene munthu amafunsa deta limachokera pamene wakhala, ndipo mafunso a makhonsolo, monga la misika ya sabata lija, safika pa desiki ya ku America.

Chaka cha 2025 chinatiphunzitsanso kanthu. Boma la America litaimitsa ntchito za USAID, DHS Program, imene inkasunga ndi kugawa mafayilo a MDHS ndi a maiko ena ambiri, inaima kwa kanthawi, ndipo ofufuza m'maiko ambiri anada nkhawa kuti apeza bwanji deta. Mayankho ndi a Amalawi, anasonkhanitsidwa ndi ofunsa a ku Malawi, koma khomo lolowera linali m'dziko lina. Nkofunika kuti mafayilo onse, mapepala a mafunso, matebulo osinthira miyezo ndi masamu opangira chiwerengero cha umphawi azisungidwa ndi kugawidwa kuno, ndi ndalama za m'bajeti yathu, ngakhale abwenzi akunja akupitiriza kuthandiza. Masamuwo ndawatchula dala. Amene akufuna kubwereza chiwerengero cha boma amataya nthawi yambiri kulota zimene zinachitika pa khomo limene linanena kuti linadya ndowa 40 za ufa pa sabata, ngati linachotsedwa kapena linakonzedwa. Mafayilo a masamu akanamatuluka limodzi ndi deta, mkangano ngati wa 2012 ukanamatha msanga.

Zimene khonsolo inalandira

Pamapeto pake tinapereka zinthu zitatu zosiyana mphamvu, ndipo pa chilichonse tinalemba mphamvu yake. Kuchokera mu IHS5 tinapereka chithunzi cha boma lonse, makomo a amayi poyerekeza ndi a abambo, chilichonse ndi malire a chikayiko chake, ndi chenjezo loti kafukufukuyu anatha mu Epulo 2020, mitengo ya feteleza isanakwere ndiponso kwacha isanagwe mu 2022 ndi 2023. Kuchokera m'matebulo osindikizidwa a kalembera wa 2018 tinatenga chiwerengero cha anthu pa T/A iliyonse, kuti kagawidwe ka alangizi kayambire pa kuchuluka kwa anthu. Pa funso la madera ovutikitsitsa tinadalira chidule cha UBR, kaundula wa makomo amene boma limagwiritsa ntchito posankha olandira Mtukula Pakhomo ndi thandizo lina, ndi zokambirana ndi alangizi ndi makomiti a chitukuko a m'madera. Tinalemba momveka kuti UBR inapangidwira kusankha olandira thandizo, anthu amayankha akudziwa zimenezo, choncho siingalowe m'malo mwa kafukufuku.

Makhansala analandira mndandanda wa madera m'magulu atatu m'malo mwa nambala 1 mpaka womaliza, ndipo ena sanakondwe nazo chifukwa ankafuna kudziwa amene ali pamwamba penipeni. Tinalembanso pempho, losainidwa ndi bwanamkubwa, lofotokoza masamu amene tikufuna kuyendetsa pa mafayilo a kalembera, mizati ya deta imene ikufunika ndi imene sikufunika, amene adzagwire ntchitoyo, ndi lonjezo loti palibe tebulo lidzatuluke lisanaunikidwe ndi eni deta. Pempholi tinalikonza moti khonsolo ina iliyonse ingathe kusintha dzina la boma nkuligwiritsa ntchito, chifukwa maboma onse 28 amakonza mapulani otere, ndipo onse amafika pa funso lomweli la T/A.